Zimbale zitatu za DVD zikukana pa VLC, chilichonse ndi vuto lake

Nabanda wa ku Mabvuku

Moni nonse kuchokera kuno ku Harare, akuluakulu ndi achinyamata odziwa za makompyuta. Laputopu ndi ya Windows 10, ilibe poikira chimbale, choncho pali draivu ya DVD yakunja yolumikiza pa USB. Pulogalamu yoseweretsera kanema ndi VLC 3.0. Zimbale zitatu zikuvuta.

Choyamba ndi filimu ya m'sitolo yochokera ku Johannesburg. Draivu imazungulira kanthawi, kenako VLC imanena kuti yalephera kutsegula. Kuseri kwa bokosi lake kuli kachithunzi ka dziko lapansi kolembedwa nambala 2.

Chachiwiri ndi cha ukwati, chowotchedwa pa DVD-R. Chimayamba bwino, koma chikafika cha m'ma mphindi 40 chithunzi chimaima, mawu amaduka, draivu n'kumangolira. Ngakhale pamene chikuyenda bwinopo, anthu akamavina m'mphepete mwa manja awo mumaoneka timizere ngati mano a chipeso.

Chachitatu ndi cha kwaya ya kumpingo. Pa makina a amene anajambula chimaoneka, koma pa kompyuta Windows ikuti chimbale chilibe kanthu, ndipo ikufunsa ngati ndikufuna kuchikonza kuti ndiwotcherepo zinthu.

Kodi vuto ndi VLC, ndiike pulogalamu ina? Zikomo kwambiri.

Aphiri a ku Highfield

Mayi Nabanda, musanachite chilichonse: pa chimbale chachitatucho, Windows ikafunsa funso lija muzidina Cancel. Mukavomera, italemberapo kanthu, kanema wa kwayayo adzavuta kwambiri kumupulumutsa.

Pulogalamu ina musaike kaye. Pa mavuto atatuwa, awiri sali mu VLC n'komwe. Kuyambira pa Windows 8, Microsoft inachotsa zoseweretsera DVD mu Windows Media Player, ndiye munachita bwino kutenga VLC. Chongofunika kutsimikiza ndi kumene munaitenga. Ya mu Microsoft Store yotchedwa VLC UWP sisewera DVD ngakhale pang'ono. Yoyenera ndi ya pa videolan.org, chifukwa imabwera ndi kachigawo kotchedwa libdvdcss kamene kamatsegula loko wa CSS yemwe amakhala pa zimbale za m'sitolo.

Chimbale chilichonse chikavuta, yambani mwaona zimene zili m'kati mwake. Tsegulani This PC, dinani draivuyo ndi batani lakumanja la mausi, sankhani Open. Mukapeza foda ya VIDEO_TS yokhala ndi mafayilo othera ndi IFO, BUP ndi VOB, ndiye DVD yeniyeni. Mukapeza foda ya MPEGAV yokhala ndi AVSEQ01.DAT, imeneyo ndi VCD, ingokokerani fayiloyo mu VLC. Zimbale zina za mumsewu, zija zokhala ndi mafilimu ambirimbiri pamodzi, m'kati mwake mumangokhala mafayilo a AVI kapena MP4, ndipo mukazitsegula ngati DVD zimakana pomwe zilibe vuto.

Tsopano filimu ya ku Johannesburg. Nambala 2 ija ndi Region. Opanga mafilimu anagawa dziko lapansi m'zigawo 6. Region 1 ndi USA ndi Canada. Region 2 ndi mayiko ambiri a ku Ulaya, Japan, Middle East, Egypt, komanso South Africa, Lesotho ndi Eswatini. Zimbabwe, Malawi, Zambia ndi Mozambique tili mu Region 5, pamodzi ndi India ndi Russia. Ndiye mukangowoloka pa Beitbridge, malire a Zimbabwe ndi South Africa, nambala yasintha. Zimbale zimene abale amatumiza kuchokera ku UK nazonso ndi za 2.

Draivu imasunga nambala yake m'kati mwake momwemo, osati mu Windows. Kuti muione, dinani batani la Start ndi lakumanja la mausi, Device Manager, DVD/CD-ROM drives, dinani kawiri dzina la draivu, kenako DVD Region. Muona Current Region ndi Changes remaining. Mwayi wosintha umakhala kasanu kokha. Ukatha, draivu imakhazikika pa nambala yomaliza, ndipo ngakhale mutaikanso Windows yatsopano kapena kuilumikiza pa kompyuta ina, sisinthanso. N'chifukwa chake musathamangire kudina pamenepo. Onani kaye, mutiuze zimene zalembedwa.

Nthawi zambiri VLC siisamala za Region: libdvdcss imadzipezera yokha makiyi, kungoti pa ulendo woyamba imatha kutenga mphindi zingapo chophimba chili chakuda. Ambiri amatseka msanga poganiza kuti yafa. Koma pali madraivu ena, makamaka a Matshita omwe ali m'malaputopu ambiri akale, amene amakaniratu kupereka zigawo zotsekedwazo ngati nambala sizikugwirizana. Enanso atsopano, amene sanaikidwepo nambala chigulireni, amakana mpaka mutaika kamodzi.

Yesani motere. Mu VLC dinani Ctrl ndi D. Sankhani DVD, onetsetsani kuti pa Disc device pali chilembo cha draivu yanu, chongani kabokosi ka No disc menus, dinani Play, ndipo mudikire ndithu. Kabokosi kameneka kamadumpha menyu, ndipo menyu ndiyo imagwetsa VLC pa zimbale zambiri za m'sitolo. Ikatsegula koma n'kuonetsa malonda kapena kachidutswa kakafupi, pitani pa Playback, Title, musankhe mutu wotalika mofanana ndi filimuyo. Ikakanabe, dinani Ctrl ndi M, ikani Verbosity pa 2, siyani zenera limenelo lotsegula, yesaninso, mukope mizere imene muli mawu akuti dvdnav, dvdread kapena css mutiikire pano.

Amwale a ku Mufakose

Aphiri afotokoza bwino za Region, ine nditenge cha ukwaticho, chifukwa ndicho sichingagulidwenso kwina kulikonse.

Funso loyamba: kodi chimaima pa mphindi yomweyomweyo nthawi zonse, kapena lero pa 40, mawa pa 25? Yankho lake ndilo limalekanitsa chimbale ndi draivu. Chikamaima pamalo amodzimodzi, chimbale chawonongeka pamenepo. Chikamaima paliponse, kaikirani magetsi a pa USB kapena draivu yotopa.

Za magetsi ndi izi. Poti ya USB 2.0 imapereka 500 mA, ya USB 3.0 imapereka 900 mA. Draivu yopyapyala yakunja imafuna mphamvu yochuluka pamene ikuyamba kuzungulira, komanso ikakumana ndi malo ovuta n'kumabwerera mobwerezabwereza. Mphamvu ikachepa mumamva kulira kwa "tsetse, tsetse", nthawi zina Windows imalira ngati mwachotsa flashi n'kuibwezeretsa. Ilumikizeni pa poti ya buluu m'kati, mwachindunji, osadzera pa kachipangizo kochulukitsa mapoti kapena chingwe chowonjezera. Ngati chingwe chake chili ndi mitu iwiri, yonse ilowe, chifukwa wachiwiriwo ndi wa magetsi okha. Ndipo poti kuno magetsi amathimathima, dziwani kuti laputopu ikakhala pa batire imachepetsa mphamvu ku zipangizo. Mu Control Panel, Power Options, Change plan settings, Change advanced power settings, USB settings, ikani USB selective suspend pa Disabled. Kuyesa kwenikweni kuchitike chaja ili pamoto.

Kuyesa chimbale n'kosavuta. Kopani foda yonse ya VIDEO_TS kupita pa Desktop. Kanema amagawidwa m'mafayilo a VOB osapitirira 1 GB iliyonse: VTS_01_1.VOB, VTS_01_2.VOB, n'kumapita. Ikakopeka yonse, mwapulumuka: mu VLC sankhani Media, Open Folder, lozani fodayo, isewera kuchokera pa kompyuta popanda kudalira draivu. Ikaima pa fayilo imodzi ndi uthenga wa cyclic redundancy check, ndiye kuti pali malo osawerengeka.

Zikatero chitembenuzeni muchiyang'ane pa kuwala kwa pawindo, mochipendeketsa. DVD imawerengedwa kuyambira pafupi ndi bowo kupita kumphepete. Ngati kanema yense ndi wa maola awiri, mphindi 40 ili chapakati pa bowo ndi mphepete. Ngati ndi wa ola limodzi lodzaza chimbale chonse, yang'anani cha kunjako. Mafuta a zala ndi fumbi la mu Ogasiti lino zimachoka. Tsukani ndi madzi ozizira ndi kadontho kamodzi ka sopo wamadzi wotsukira mbale, tsukuluzani, pukutani ndi kansalu kofewa kopukutira magalasi a maso. Muzipukuta molunjika kuchoka pabowo kupita kumphepete, osati mozungulira. Mzere wokalika modutsa umawononga pang'ono pa njira iliyonse ndipo draivu imatha kudzaza pomwe pasowa. Wokalika mozungulira umatsata njira imodzi n'kufafaniza chigawo chachitali chomwe sichingakonzeke. Petulo, thina ndi zina zotero musayandikize, zimadya pulasitiki. Pepala la kuchimbudzi nalonso limakala.

Mukaona kuti mtundu wa pansi wasintha, pali madontho otuwa kapena kumphepete kwayera, ndiye vuto lili m'kati. DVD-R imasunga kanema pa utoto wopyapyala womwe uli pakati pa mapulasitiki awiri a 0.6 mm, ndipo utoto umenewu umafa ndi dzuwa ndi kutentha. Chimbale chosiyidwa pawindo kapena m'galimoto mu Okutobala chimatha msanga. Pamenepo kutsuka sikuthandiza, chotsala ndi kupulumutsa zomwe zikadalipo, ndipo chitani sabata ino, chifukwa kuwonongekako kumapitirira.

Chida chaulere chomwe ndimachikhulupirira pa ntchitoyi ndi ddrescue ya pa Linux. Simufunika kuchotsa Windows: ikani Linux Mint pa flashi, yatsani kompyuta kuchokera pa flashiyo, lumikizani intaneti, tsegulani Terminal mulembe

sudo apt install gddrescue

Lowani mu foda ya pa hadi disiki kapena flashi ina yokhala ndi malo osachepera 5 GB, chifukwa DVD-R wamba imanyamula 4.7 GB. Kenako

sudo ddrescue -n -b 2048 /dev/sr0 ukwati.iso ukwati.map

Ulendo woyambawu umatenga zonse zowerengeka mosavuta n'kudumpha zovuta. Ukatha lembani

sudo ddrescue -d -r3 -b 2048 /dev/sr0 ukwati.iso ukwati.map

kuti ibwerere pa malo ovuta aja katatu. Kafayilo ka map musakafufute. Ndimo mumalembedwa pomwe yafika, choncho magetsi akathima mumapitiriza pomwe munalekezera, ndiponso mukhoza kubwereka draivu ina n'kuthamangitsa lamulo lomwelo kuti idzaze mipata yokhayo. Madraivu amasiyana maso, ya kompyuta yaikulu ya pa tebulo kawirikawiri imawerenga zomwe yopyapyala yalephera. Fayilo ya ukwati.iso imene ituluke, yomwe ndi kope la chimbale chonse, VLC imaitsegula mwachindunji, pamalo otayika chithunzi chimangophwanyika masekondi angapo n'kupitirira.

Timizere ta pa manja a ovina si kuwonongeka. Makamera ena a kanema amajambula mizere ya chithunzi m'magulu awiri osinthana, 50 pa sekondi pa PAL, njira ya kanema wa pa TV imene timagwiritsa ntchito kuno, ndipo TV yakale inkawaonetsa motsatizana. Kompyuta imawaonetsa pamodzi, ndiye chilichonse choyenda msanga chimaoneka cha manomano. Kanema akusewera dinani batani la D pa kiyibodi. Kuti zikhazikike, Tools, Preferences, Video, ikani Deinterlacing pa Automatic kapena On, ndipo Mode ikhale Yadif. Laputopu ikakhala yamphamvu, Yadif 2x imapangitsa kuvina kuyenda mosalala kwambiri.

Che Mbewe, Mbare

Cha kwayacho sichinatsekedwe. Makina ojambulira pa DVD, kaya ndi rekoda ya pa TV kapena kamera ija yolowetsa timbale ting'onoting'ono ta 8 cm, amalemba kanema kaye, koma mndandanda wouza makina ena pomwe zinthu zili amaulemba pamapeto, mwiniwake akasankha Finalize. Asanatero, makina okhawo amene anajambula ndiwo amachiwerenga. Kompyuta imachiona ngati chatsopano. Palibe pulogalamu yoseweretsera, kaya VLC, MPC-HC kapena SMPlayer, imene ingasewere chinthu chomwe Windows sikuchiona.

Chitembenuzeni, muona gawo lowotchedwa lili ndi mtundu wosiyana pang'ono ndi lotsala, umboni woti kanema alimo. Pa Linux lamulo la dvd+rw-mediainfo /dev/sr0 limaonetsa Disc status: likati appendable ndiye sichinatsekedwe, likati complete ndiye chinatsekedwa.

Chibwezereni kwa amene anajambula, achiike m'makina omwewo, apeze Finalize m'menyu ya zokhudza chimbale. Zimatenga mphindi zingapo, makamaka ngati kanema ndi wamfupi. Achite pa nthawi yomwe magetsi ndi odalirika kapena pa inveta, chifukwa akathima ntchitoyi ili pakati, chimbale chikhoza kukana ngakhale pa makina akewo. Chikabwera, mwina simupezamo VIDEO_TS koma foda ya DVD_RTAV yokhala ndi VR_MOVIE.VRO. Musadandaule, kokerani fayiloyo mu VLC.

Aphiri, pa za Region ine ndikanati mayiwa aike 5, popeza ndiyo nambala ya dziko lino.

Nabanda wa ku Mabvuku

Zikomo nonse. Pa DVD Region palembedwa Not selected, Changes remaining 5. No disc menus sinathandize, ndipo m'mauthenga muli mizere yambiri yonena kuti yalephera kupeza makiyi a CSS. Cha ukwati chimaima malo amodzimodzi, ndipo kukopa kwaima pa VTS_01_2.VOB. Kudina D kwachotsa timizere tija. Ndayesanso filimu ina ya m'sitolo yopanda nambala ya Region: mawu akumveka koma chithunzi n'chakuda, ndipo nyimbo zikuphokosera pomwe anthu akamayankhula sakumveka bwino. Ndiike 2 kapena 5?

Aphiri a ku Highfield

Ikani 2, mayi. Che Mbewe akunena zoona kuti dziko lathu ndi la 5, koma draivu siifunsa komwe mumakhala, imafunsa nambala ya pa chimbale. Yang'anani mabokosi amene muli nawo m'nyumba. Zimbale za m'sitolo zomwe zimafika ku Harare kawirikawiri zimadzera ku South Africa kapena ku UK, zonsezo ndi za 2. Za maukwati, za makwaya, za maliro ndi za oimba ojambulitsa okha kuno kapena kumudzi ku Malawi nthawi zambiri sizikhala ndi loko kapena Region, zimasewera pa nambala iliyonse. Ndiye 5 ikupatsani zochepa. Pa zenera lija sankhani South Africa pa mndandanda wa mayiko, onani kuti New Region yalemba 2, dinani OK, chimbalecho chili m'kati. Ikani kamodzi musiye. Tsiku lina kukabwera cha ku America cha Region 1, yesani kaye VLC musanawononge mwayi wina.

Mukatero pali kanthu kena kamene ambiri amaiwala. libdvdcss imasunga makiyi omwe yapeza kuti isavutikenso, ndipo ngati inasunga olakwika pa nthawi imene draivu inkakana, filimu idzatsegula koma chithunzi chili timabokositimabokosi tobiriwira. Tsekani VLC, dinani batani la Windows ndi R, lembani %APPDATA%, fufutani foda ya dvdcss. Idzadzipanganso yokha.

Chithunzi chakuda mawu akumveka ndi vuto la pakati pa VLC ndi khadi la zithunzi la laputopu, chimbale chilibe mlandu. Dinani Ctrl ndi P, pitani pa Input / Codecs, ikani Hardware-accelerated decoding pa Disable. DVD ndi kanema wa MPEG-2 wa 720 ndi 576 pa PAL, kapena 720 ndi 480 pa NTSC ya ku America, ntchito yopepuka yomwe laputopu iliyonse yoyendetsa Windows 10 imaikwanitsa popanda thandizo la khadi. Sungani, tsekani VLC, tsegulaninso, chifukwa zosinthazi sizigwira musanatero. Pakadali pakuda, pa Video sinthani Output kuchoka pa Automatic kupita pa Direct3D9, ikakana OpenGL. Muzisintha chimodzi n'kuyesa, kuti mudziwe chimene chathandiza. Mukasokoneza zambiri, batani la Reset Preferences lili pansi pa zenera lomwelo.

Za mawu: mafilimu a m'sitolo amabwera ndi Dolby Digital 5.1, mawu ogawidwa kwa masipika 6, ndipo zoyankhula zimapita ku sipika yapakati. Windows ikamaganiza kuti muli ndi masipika onsewo pomwe muli ndi awiri, zoyankhula zimatayika. Mu Control Panel, Sound, sankhani masipika anu, Configure, ikani Stereo. Kenako filimu ikusewera dinani B kuti mudutse m'mawu onse omwe ali pa chimbale; zambiri zimakhala ndi ena a 2.0 opangidwira masipika awiri, ndipo amenewo amamveka bwino pa laputopu. Akasowa, Tools, Effects and Filters, Audio Effects, Compressor, chongani Enable mukweze Makeup gain pang'onopang'ono mpaka oyankhula amveke, phokoso lalikulu lidzatsika. Ngati mukulumikiza pa TV ndi HDMI ndipo kuli zii, pa Preferences, Audio, zimitsani HDMI/SPDIF audio passthrough. Milomo ikamatsogola kapena kutsalira, J ndi K amasuntha mawu ndi 50 ms pa kudina kulikonse. Nkhope zikaoneka zazitali kapena zophwatalala, batani la A limasintha kaonekedwe ka chithunzi, kuphatikizapo 4:3 ndi 16:9.

Amwale a ku Mufakose

Poti chaima pa VTS_01_2.VOB malo amodzimodzi, ndi chimbale, mayi. Tsukani kamodzi, yesaninso kukopa, chikakana pitani pa ddrescue. Musachisewerenso mobwerezabwereza mu VLC pofuna kuti chidutse.

Ndiwonjezere za draivu, chifukwa ena owerenga adzafika pano ndi vuto loti CD zikuwerengeka koma DVD iliyonse ikukana. M'kati muli maleza awiri, ya 780 nm ya CD ndi ya 650 nm ya DVD, ndipo imodzi imatha kufa inzake ili moyo. Ikamatopa imayamba kukana zimbale zowotcha, kenako za 8.5 GB za zigawo ziwiri, zomwe zimaima pakati pa filimu pomwe leza ikusamukira ku gawo lachiwiri. Pa draivu yopyapyala lenzi imaonekera mukatsegula thireyi: chotsani chingwe, nyowetsani pang'ono kathonje ka kukhutu ndi sipiriti wotchedwa isopropyl, gusani lenziyo mopepuka osakanikiza, dikirani iume. Ikapanda kusintha, gulani ina, kukonza leza sikulipira. Pogula m'tauni tengani DVD-R yowotcha ndi ya m'sitolo, muyese zonse ziwiri musanapereke ndalama.

Ngati filimu ikungodukaduka pang'ono koma chimbale chili bwino, pa Preferences sankhani All pansi kumanzere, dinani Input / Codecs, tsikani mpaka pa Disc caching, sinthani 300 kukhala 2000. Izi zimabisa kuchedwa kwa draivu, koma sizikonza malo owonongeka.

Kwa amene ali pa Ubuntu kapena Debian, VLC yawo sibwera ndi libdvdcss. Lembani sudo apt install libdvd-pkg, kenako sudo dpkg-reconfigure libdvd-pkg, intaneti ili yolumikizidwa, apo ayi zimbale za m'sitolo sizitsegula.

ISO ya ukwati ikatuluka, isungeni malo awiri osiyana. Mukafuna yotumizira abale pa foni, HandBrake ndi yaulere: tsegulani ISO, sankhani Fast 576p25, siyani Decomb yoyaka kuti timizere tija tichoke. Mukafuna chimbale chatsopano cha agogo oonera pa TV, wotchani ISO yomweyo ndi ImgBurn pa liwiro la 4x kapena 8x, Verify ili yochongedwa, ndipo lembani dzina ndi cholembera chofewa cha pa zimbale, osamata pepala, chifukwa limapangitsa chimbale kuzungulira mopendama.